Dzenje la Naintini

Makinawa adafika ku Linga m'katoni ya firiji,
pamwamba pa matumba a anthu ena,
pepala la malangizo litanyowa theka.
Theka linalo ndidaliwerenga kasanu.

Ndinkangofuna bawo.
Maenje makumi atatu ndi awiri pa thabwa la mlombwa,
mizere inayi, nyumba ziwiri zamakona,
mphatso ya apongozi anga, Che Mdoka,
amene maso adawathawa kale
koma zala zawo zikadali za makani.

Loweruka loyamba dzino la makina lidayenda m'malere,
kusema mpweya mwaulemu,
maenje osalala amene palibe adzawaone.
Ziro ndidamuika pa chopanira, osati pa thabwa.
Lamulungu lidalowa pansi ngati nkhumba pa chinangwa,
kuboola mlombwa, kuboola tebulo,
thyo! Ndalama ya yunifolomu ya mwana.
Ine ndinkayankhula mamilimita,
iwo ankamva mainchi.

Nasiyani adaima pakhomo la shedi,
m'manja sefa, m'tsitsi utuchi wanga.
"Kodi chimalira chonchi chikamagwira ntchito
kapena chikamafa?"
Sindidayankhe.
Inenso sindinkadziwa.

Kenaka maenje adayamba kutuluka ngati mazira a bakha.
Pa laputopu ozungulira bwinobwino,
pa thabwa otsamira kumanzere, onse,
ngati anthu a m'bwato limodzi.
Ndidanyoza pulogalamu.
Ndidanyoza wondigulitsa, dziko lake ndi sitima idawanyamula.
Ndidamanga lamba mpaka adalira ngati nsambo,
ndidajambulanso njira ya dzino katatu,
yolowera kumanja, yolowera kumanzere,
liwiro ndidalichepetsa mpaka thabwa lidanunkha kupserera.
Masabata awiri.
Wolakwa adali kasikuluwu kochepa ngati nsabwe,
kobisala m'kagudumu ka mota,
kamene kankalola mota kuyamba ulendo
gudumu likadaganiza.
Ndidakapotokola kamodzi. Basi.
Ndidachita manyazi ndi onse ndidawatukwana.

Thabwa lachinayi, lotsiriza,
chinyezi cha Febuluwale chidalipinda msana.
Ndidalisenda pang'onopang'ono mpaka lidagona chagada,
ndidalipana ngodya zonse,
ndidayesa kaye m'malere, dala ulendo uno.
Dzenje loyamba. Lachiwiri. Lakhumi.
Utuchi wofiira ukuwunjikana pa mapazi anga,
ine osapuma bwino.
Pa dzenje la naintini
magetsi, phethi.

Mumdimamo makina adaiwala zonse:
kumene adachokera, kumene ankapita,
dzino lili chilili pakati pa dzenje
ngati munthu walowa m'chipinda
n'kuiwala chimene wadzatenga.

Atabwera magetsi tambala atalira kale,
ndidasaka ziro ndi tochi ya foni,
kalisiti ka ku chigayo pansi pa dzino,
kutsitsa, kukoka, kutsitsa,
mpaka pepala lidagwira.
Ndidaphonya ndi chikhadabo chimodzi.
M'dzenjemo mudatsala kamzere, kakhwerero
kamene diso silingaone popanda kuuzidwa.
Ndidapaka mafuta, osauza munthu.

Che Mdoka adalandira bawo osathokoza.
Adaliika pa maondo,
chala chikulowa dzenje ndi dzenje
ngati wogula mpunga wosakhulupirira muyeso.
Pa naintini chidaima.
Chidabwerera. Chidaimanso.
"Apa mmisiri wako adatsokomola."

Ndidati ndikonza, ndikapeza thabwa lina.
"Ukonze chiyani?
Maenje enawa ndi ofanana ngati mabodza a wamalonda,
ndikasochera ndifunse liti?
Ili lokha ndi limene likundiuza pamene ndili.
Bweretsa nkhomo."

Adandidya katatu dzuwa lisanapendeke,
nthawi zonse chala chaching'ono
chitatsamira pa cholakwa changa.

Madzulo ndidapukuta njanji za makina,
ndidalemba pakhoma ndi choko manambala a ziro,
kuti mdima ukadzabweranso usadzatipeze tilibe kwathu.
Nasiyani akuti akufuna mashelefu.
Sindinamuuze kuti dzino latsala limodzi.